Ng'ombe Imene Ndinaphera Lameki

Amene analipo tsiku lija ndiwatchule onse, kuti wina asadzakane mawa. Ndinalipo ine, Ndau, bambo wake wa malemu. Analipo mkazi wanga, anaGama. Analipo Fanuwelo, mwana wanga woyamba, amene amaphunzitsa sukulu ku Kandeu. Analipo mlamu wanga Gama, mlongo wake wa mkazi wanga, amene anakwera kuchokera ku Bwanje ndi gulu la abale ake pa njinga. Analipo Che Amidu, mwini sitolo ku Lizulu, amene mwana wanga ankamuyezera matumba a kachewere pa sikelo. Analipo akulu a mpingo, amayi oyimba, adzukulu okumba manda, ndi khamu la midzi yonse yozungulira phiri lathu. Ndipo analipo Lameki, mwana wanga wachiwiri, wa zaka makumi awiri ndi zinayi, atagona m'bokosi.

Sukulu ndinalekeza kalasi yachiwiri, ndipo cholembera chimandilemera kuposa khasu. Koma ndalemba ndekha, chifukwa ku Bwanje akulankhula za ine pa mjigo ndi pa chigayo. Ndilemba zonse monga zinachitikira, ngakhale zimene sizindikomera. Ine sindine munthu wobisa.

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri. Amuna tinali titachezera panja, ndipo ambiri anali akadali chigonere mozungulira zikuni zofuka, atadzikulunga m'zikhoti. Unali mwezi wa Juni. Nkhungu inali itakwirira mudzi moti nyumba ya maliro inkadziwika ndi nyimbo za amayi zokha. Ndinadutsa onsewo osapereka moni, ndi kupita ku khola.

Ng'ombe ndinali nazo khumi ndi zinayi. Palibe wina m'dera lathu amene anali ndi khola lotero, afunseni. Chiyambire sindinaphepo ngakhale imodzi. Ukwati wa Fanuwelo tinadyera mbuzi. Koma m'mawa uja ndinaima pa chipata, ndi kuloza Bantomu, mfule yaikulu kuposa zonse. Ndinati mwana wa Ndau sangapite ku manda ndi nyemba ngati mlendo. Anthu adye, akanene kwawo kuti anaona maliro.

Tsono ndifotokoze za matenda, kuti mumvetse chimene tinakanganirana.

Lameki anabadwa ndi magazi osamva. Akadzicheka pang'ono, magazi sankaundana. Ankangotuluka, lero mpaka mawa. Akagwa, bondo linkatupa ngati dzungu, n'kukhala sabata osayenda. Matenda amenewa kwa a Ndau kulibe. Anachokera ku Bwanje. Mng'ono wake wa Gama anafa ali mwana atangomutema mphini ziwiri, koma pamene ndinkalowola mlongo wawo palibe amene anandiuza. Ng'ombe analandira, pakamwa anatseka.

Lameki ali ndi zaka zisanu ndi zinayi tinapita naye ku ukwati wina. Kumeneko anadya chiwindi ndi uwende, magazi a ng'ombe ophika aja amene ife Angoni timawakonda. Tisanafike kunyumba, mphuno inayamba. Inatha masiku awiri. Ine ndine munthu wa maso, sindidikira kuuzidwa. Ndinaona kuti mwanayu magazi amuchulukira, n'chifukwa chake amatayika. Ndiye umupatsenso zakudya zoonjezera magazi? Atachira ndinamukhazika pansi, ndinamugwiritsa chibonga changa ndi manja onse awiri, ndipo analumbira. Nyama ayi. Chiwindi ayi. Mazira, mkaka, nsomba, nyemba zofiira, bonongwe, zonsezo ayi. Ndiwo zake zikhale kabichi, mpiru ndi kachewere. Ndinachita zimenezi chifukwa chomukonda. Amene akuti ayi abwere adzandiuze pamaso.

Kachilombo kanamupeza kudzera m'magazi omwewo. Ali mwana anamuthira mabotolo ambiri ku zipatala zosiyanasiyana, ndipo botolo lina linali ndi kachilombo. Tinadziwa ali ndi zaka makumi awiri. Mwana wanga sanayende ndi akazi. Ndi mawondo aja akanayenda bwanji? Anayamba kumwa mankhwala otalikitsa moyo, ndipo madokotala a mumzinda anamulemba m'gulu la odwala matenda a magazi amene ankawayeza pakapita miyezi itatu iliyonse. Ankamutenga magazi, kumukweza pa sikelo, kumuzunguliza tepi pa mkono, n'kulemba m'buku lake la kuchipatala.

Ine ndinamuperekeza kamodzi kokha. Dokotala anali kamtsikana, kosafika ngakhale pa phewa langa. Kanandiuza kuti mankhwala akugwira ntchito, kachilombo kachepa. Koma akuti asilikali a m'thupi mwake sakupuma. Akumenyabe nkhondo usana ndi usiku, ndipo zizindikiro za nkhondoyo zikuoneka m'magazi, ulendo uliwonse zokwera. Akuti nkhondo yotere imadya thupi la mwini wake, ndiye munthu wake ayenera kudya kuposa ife abwinobwino. Kanatchula mazira. Kanatchula mkaka, nyama, nsomba. Kanatulutsa timapaketi ta chiponde.

Ndinayankha mpaka a pa benchi panja anamva.

"Mwana iwe, magazi munamuthira ndinu. Kachilombo kanabwera ndi magazi anuwo. Lero mukufuna mumudzazenso kuti atayike onse?"

Kanayesa kunena kuti magazi sanamuchulukire, koma kuti mukusowa kanthu kena kamene kamawaundanitsa. Ndinatenga chipewa changa. Sindinapitenso.

Kuyambira pamenepo Lameki anangotsika. Lamba anaboola kawiri. Ndipo ine ndinadziwa chifukwa chake: lamulo langa linkathyoledwa kuseri. Ndinapeza makoko a mazira kuseri kwa khitchini. Ndinaona matemba amene Gama ankatumiza kuchokera ku Bwanje atawabisa mu mpunga. Ndinamva kuti ku Lizulu Che Amidu amaitanitsa tiyi wa mkaka ndi mazira okazinga m'mawa uliwonse, mbale ziwiri. Timapaketi ta chiponde ndinkatipeza topanda kanthu pa dzala. Onse ankamudyetsa mobisa, ine akundiseka. Pa mapeto mphuno inayambanso, thupi linalibe mphamvu, ndipo anafera m'galimoto tisanafike pa msewu waukulu.

Umu ndi mmene ndinadzukira tsiku la maliro, mtima uli ndi mayina atatu.

Che Amidu anafika dzuwa lisanaboole nkhungu, atakwera lole ya kachewere. Kwathu kuno ng'ombe ya pagulu timapatsa Msilamu kuti achinje, kuti aliyense adye. Ndinamutumizira uthenga dzulo lake, ndipo anabwera ndi mpeni wake atakulunga m'nyuzi. Maso ake anali ofiira.

"Pepani, a Ndau," anatero. "Mnyamata uja sikelo sinamunamizepo, iyenso sanainamizepo."

"Mpeni wanuwo ndi wakuthwa, Che Amidu? Kapena mumangodziwa kuswa mazira?"

Anatsitsa mawu. "A Ndau, pali mawu amene ndikufuna ndikuuzeni."

"Chinjani ng'ombe. Mawu anu ndawamva kale."

Amuna asanu ndi mmodzi anavutika kugwetsa Bantomu. Magazi tinatchera m'beseni lalikulu, ndipo anadzadza mpaka tinasintha lina. Nthunzi inkakwera m'mphepo yozizira. Posenda, mafuta anali achikasu, okhuthala ngati dzanja langa. Anthu anazungulira n'kumagwedeza mitu. Ndinamva wina akuti nyama yotere sanaionepo pa maliro, ndipo ndisaname, mtima wanga unakwera.

Moto unayaka m'malo asanu. Amayi anapanga mzere kuchokera ku chitsime, ndowa pamutu, zitenje zitanyowa ndi mame. Anthu ankatsika m'njira zonse za m'phiri. Ena anabwera chifukwa cha Lameki. Ambiri anabwera chifukwa mbiri ya ng'ombe inali itawafika.

A ku Bwanje anafika cha m'ma naini, akukankha njinga pa chitunda, akunjenjemera ngati nkhuku zonyowa chifukwa kwawo kuzizira sakudziwa. Akazi awo analowa m'nyumba akulira. Gama sanalowe. Anaima pa mtengo pamene tinapachika miyendo ya Bantomu, manja kumbuyo, n'kumaiyang'ana ngati akufuna kugula.

"Alamu," anatero mokweza, "kani ng'ombe zanu zija zimaphedwa? Ife timayesa mukusungira boma."

"Inu mwabwera ndi chiyani? Mpunga theka la thumba ndi magazi oola amene munandibisira?"

"Magazi a kwathu ndimawadziwa, ndinaika mng'ono wanga. Koma mng'ono wanga anapita ali ndi masaya."

Anthu anatilekanitsa. Ndikanamuswa pomwepo, ukalamba wanga womwewu.

Atatiitana kukaona nkhope, ndinalowa woyamba. Anali atamuveka jekete yanga ya ku tchalitchi, monga ndinalamulira. Mapewa a jekete anali atagwera m'mbali, ndipo khosi la malaya analimanga ndi pini kumbuyo. Mkazi wanga anakhala kumutu kwa bokosi. Chimwalirire mwana anali asanandilankhule. Sanadzutse nkhope, anangoti, "Jekete yanu yamukulira." Ndinatuluka.

Masana nkhungu inasanduka mvula yowaza. Bokosi analitulutsa pabwalo, anthu anakhala pansi, amuna uku, akazi uko. Pa mwambo wathu, bambo salankhula pa maliro a mwana wake. Amakhala chete, mutu pansi, ndipo malume ndiye amaimirira kufotokozera anthu mmene matenda anayendera. Ndiye Gama anaimirira. Anathokoza mpingo, anathokoza adzukulu, anathokoza amene anachezera. Kenaka anatsokomola.

"Matenda a mphwangayu nonse mukuwadziwa. Magazi ake sankaundana, ndipo kachilombo kanamupeza. Koma alipo anzake a matenda omwewa amene lero akuyenda. Ine ndinena chimodzi, mundikhululukire. Mwanayu wafa ndi njala, pakhomo pa ng'ombe khumi ndi zinayi."

Pabwalo panachita phokoso ngati njuchi. Ine ndinapezeka ndaima. Mkulu wa mpingo anandikoka chikhoti, ndinamukankha dzanja. Mwambo ndimaudziwa kuposa onse amene anali pamenepo, koma munthu sangakutche wakupha mwana wako pamaso pa midzi isanu iwe n'kumayang'ana nyerere.

"Fanuwelo! Tenga buku la kuchipatala!"

"Bambo, khalani pansi."

"Ndati tenga buku! Ndinakulipirira sukulu kuti uzindiuza pokhala?"

Bukulo ine sinditha kuliwerenga. Ndi Chingerezi, ndipo madokotala amalemba ngati nkhuku yapalasa. Koma ndinkadziwa kuti choonadi chili m'menemo. Fanuwelo analowa m'nyumba, anatuluka nalo, buku lakuda ndi manja, lomangidwa ndi mphira. Anaima pafupi ndi bokosi la mng'ono wake, natsegula tsamba loyamba. Anawerenga akumasulira. Anati matenda a magazi osaundana munthu amabadwa nawo, ndipo mwana wamwamuna amawatengera kwa mayi ake. Anati kachilombo akuganiza kuti kanalowa ndi magazi amene anamuthira ali mwana.

"Mwamva?" ndinakuwa. "Kwa mayi ake! A ku Bwanje mwamva? Si ine ndalemba!"

Fanuwelo anatseka buku.

"Werenga zonse, mphwanga," anatero Gama. "Masamba alipo ambiri."

"Malume, lero tikuika m'bale wanga."

"Werenga zonse!"

Fanuwelo anamanga mphira, naika buku m'thumba la m'kati. Ine ndinaona kuti mwana wanga waima mbali yanga, ndipo mawu anandichulukira. Ndinauza khamu lonse za lamulo langa. Ndinati zaka khumi ndi zisanu ndinamusunga mwanayu wamoyo ndi kabichi, pamene mng'ono wa Gama sanafike ngakhale zaka khumi. Ndinati amene anamupha ndi amene ankamudyetsa mobisa. Ndinaloza Gama ndi matemba ake. Ndinaloza Che Amidu ndi mazira ake. Ndinaloza ngakhale mkazi wanga, atakhala pa mphasa pamvula, ndi kunena za makoko a kuseri kwa khitchini. Che Amidu anatsegula pakamwa, koma Fanuwelo anamuyang'ana n'kupukusa mutu, ndipo anatsekanso. Amayi oyimba anayambitsa nyimbo mokweza kuti andimize. Sanathe. Mawu anga amamveka kutsidya kwa dambo.

Tinanyamuka cha m'ma thuu. Njira ya ku manda imatsika pakati pa minda ya kachewere, ndipo inali yoterera. Patsogolo panali a mpingo, kenaka bokosi, kenaka ife amuna, akazi pambuyo. Ndinali nditaitana anzanga ovina gule wa ngoma, madoda asanu ndi awiri, ndi zishango zawo. Ankaponda pansi pang'onopang'ono m'mbali mwa njira, matope akuthovoka. Ine ndinayenda ndi chibonga changa m'manja, mutu uli m'mwamba.

Pa njira imeneyi onyamula bokosi amasinthana kanayi, chifukwa chitunda chake n'choipa. Tsiku lija sanasinthane. Anayi omwe ananyamula pabwalo ndi omwe anafika nalo. Pa mtsinje, mmodzi wa iwo ananong'oneza mnzake, osadziwa kuti ndili kumbuyo kwake, "Koma muli munthu m'menemu?" Ndinamumva. Ndinasunga nkhope yake, ndipo mpaka lero sindimuyankha moni.

Ku manda mvula inaleka. Adzukulu anatsitsa bokosi ndi zingwe, awiri okha m'dzenje. Atatha mapemphero, ndinasendera pafupi kuti ndiponyemo chibonga. Mwana wa Mngoni apite ndi chida cha bambo ake, ndiwo ulemu umene ndinamukonzera. Ndikutambasula dzanja, mawu anachokera kwa akazi.

"Chimenecho ayi."

Anali mkazi wanga. Anali ataimirira, amayi awiri atamugwira m'mikono.

"Chimenecho ayi, a Ndau. Chinamukwana ali moyo."

Zaka makumi atatu ndi zisanu za ukwati, sanandikanizepo kanthu pagulu. Ndinayang'ana amuna anzanga, onse maso pansi. Mkulu wa adzukulu anali atayamba kale kugwetsa dothi. Ndinabwerera nacho chibonga.

Kumudzi chakudya chinali chitapsa. Anthu anadya, ndikunena kudya. Ena anakulunga nyama m'masamba a nthochi n'kuika m'matumba. A ku Bwanje anakana. Anakhala paokha pansi pa mtengo wa pichesi, anadya mpunga wawo ndi mchere, n'kukwera njinga osatsanzika. Che Amidu anapukuta mpeni wake, anapita kukagwira dzanja la Fanuwelo, nayenda wapansi kulowera ku msewu. Mwendo umene ndinalamula kuti amupatse anausiya pa mtengo.

Ine ndinakhala ndi madoda pa khola. Anatibweretsera uwende ndi chiwindi chowotcha, monga ziyenera akulu. Ndinadya. Ndinadya kuti onse aone kuti mtima wanga ulibe mlandu. Ndinafotokozanso nkhani ya dokotala wamtsikana uja, mmene ndinamuyankhira, ndipo awiri atatu anaseka. Ena anangotafuna.

Dzuwa likulowa, bwalo linali litayera. Panatsala mapulusa, mafuwa, ndi agalu akulimbirana mafupa. Amayi ogona pa siwa anali m'nyumba ya mkazi wanga, osayimba. Ng'ombe zinabwera zokha ku khola, khumi ndi zitatu, ndipo zinaima pa malo pamene tinagwetsera Bantomu n'kumanunkhiza dothi. Ndinatseka chipata, ndinapita kukakhala pa khonde la kanyumba ka Lameki. Chitseko chinali chotsegula. Ndodo zake zoyendera zinali pakona, botolo la mankhwala pawindo. Chibonga ndinachitsamiritsa pa khoma.

Fanuwelo anabwera nakhala pansi, chapatali pang'ono. Anatulutsa buku lija.

"Lero wachita chamuna," ndinamuuza. "Malume ako apita ndi manyazi."

Anasendera pafupi. Anamasula mphira, nayamba kutembenuza masamba mmodzimmodzi, akundionetsa. Manambala ndimawadziwa, ndagulitsa kachewere moyo wanga wonse. Pamwamba pa tsamba lililonse panali makilo. Tsamba loyamba, makumi asanu ndi mphambu ziwiri. Lomaliza, makumi atatu ndi asanu ndi limodzi. Thumba la fetereza limaposa pamenepo. Pansi pa nambala iliyonse panali mzere umodzi wofanana, dzanja lomwelo, ndipo masamba omalizira anautsindika kawiri.

"Apa akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti wodwala akukana zakudya zimene tamuuza. Tsamba lililonse, Bambo. Akukana."

"Akukana kwa dokotala. Nanga makoko aja? Nanga matemba? Mbale ziwiri za ku Lizulu?"

Fanuwelo anamanganso mphira. Anaika buku pa khonde, pakati pa ine ndi chibonga. Polankhula sanakweze mawu, ndipo anandiyang'ana m'maso, chimene sanachitepo chibadwire.

"Mazira aja amayi ankaphika, iye n'kuwabweza, amayi n'kudya okha akulira kuti asatayike. Matemba a malume ankapita kwa ana anga. Chiponde ankagawira ana a pa msika. Che Amidu anaitanitsa mbale yachiwiri zaka zitatu, ndipo zaka zitatu inabwerera yosakhudzidwa. Ine ndinamugwadira, Bambo, ine mkulu wake, dzira lili m'manja. Anati, ndinalumbira kwa bambo. Onse amene mwawatukwana lero, palibe ndi mmodzi yemwe amene Lameki anamumvera. Anamvera inu nokha."